Kiyibodi yakufa ya m'sitolo, ndi mbiri ya anthu okonda kutsegula zinthu

Ndakhala chete kwa milungu ingapo. Mukudziwa kale mmene kuchonga mayeso kumatimangira miyendo teremu ikamatha. Lero sindikamba za mayeso ayi. Ndikufuna kukamba mbiri ya luso lina lachilendo, komanso kuulula mlandu wanga umene ndausunga kwa zaka zambiri.

Mwezi watha a hedi anatiuza kuti tichotse katundu wowonongeka m'sitolo ya sukulu. Kuseri kwa madesiki othyoka ndi mabuku a silabasi yakale ndinapeza kiyibodi yaing'ono ya Casio, yafumbi lokhalokha, makiyi atatu atachoka ngati mano a agogo. Kalaliki anali atailemba kale pamndandanda wa zokataya. Nditaitembenuza ndinaona kuti masikuluwu awiri akumbuyo palibe, ndipo mtima wanga unagunda, chifukwa amene anawachotsa ndikumudziwa.

Munali mu 2008, ndili mphunzitsi wachinyamata wa Physical Science, nthawi imene Physics ndi Chemistry zinali zisanapatukane. Kiyibodiyo inkagwira ntchito pa asembule ndi pa mapemphero a ana. Tsiku lina masana ndinamva phokoso lachilendo m'kalasi lina lopanda anthu, ngati mwana wa mbuzi akulirira m'chidebe. Nditasuzumira ndinapeza mnyamata wa Folomu 3 atatsegula kiyibodi kumimba, chala china chili pa kiyi, china, chonyowa ndi malovu, chikuyenda pa kabolodi ka mkati. Mawu ankatsika ndi kukwera, tswiii, kenako gwooo. Atandiona anati, "Aphunzitsi, tamverani, ikumalankhula zina." Ine sindinamvere. Ndinamulanda sikuludiraiva, ndinamutcha wowononga katundu wa sukulu, ndipo chibalo chake chinali kukumba dzenje la zinyalala. Ndinagona tulo tabwino usiku umenewo, poganiza kuti ndateteza chuma cha boma.

Patapita zaka, mmodzi wa inu ananditumizira kanema pa WhatsApp. Munali mzungu wina akuchita ndendende zimene mnyamata uja ankachita, anthu ali phee kumvetsera, kenako n'kumuombera m'manja. Apa m'pamene ndinayamba kufufuza, ndipo zimene ndinapeza ndi izi.

Chinayambira m'dilowa

Lusoli pachingerezi amalitcha circuit bending. Tanthauzo lake ndi kukhotetsa njira zimene magetsi amayendamo mkati mwa chida, kuti chitulutse mawu amene opanga ake sanawaganizirepo. Amene amatchulidwa kwambiri ngati tate wake ndi Reed Ghazala wa mumzinda wa Cincinnati ku America. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, iye ali mnyamata wa msinkhu wa ana athu a Folomu 2, anasiya kachimkuzamawu kakang'ono ka batire m'dilowa la tebulo lake, kali kosatseka kumbuyo. Kachitsulo kena m'dilowamo kanakhudza mawaya a mkati, ndipo kachidako kanayamba kulira modabwitsa. Masiku amenewo makina opanga mawu amtundu umenewo, monga a Moog, ankagulidwa ndi madola zikwizikwi, moti mnyamata wamba sakanawalota n'komwe. Ghazala anazindikira kuti ngozi ya m'dilowa ija angathe kuibwereza mwadala, n'kuimangirira pa switchi kuti izichitika nthawi imene iye wafuna.

Dzina loti circuit bending analiyamba yekha mu 1992, polemba m'magazini ya Experimental Musical Instruments, ndipo mu 2005 anatulutsa buku lophunzitsa lusoli. Chida chake chotchuka anachipanga kuchokera ku Speak & Spell, chidole cholankhula chimene kampani ya Texas Instruments inatulutsa mu 1978 chophunzitsira ana masipelo. Atachikhotetsa, chidolecho chinasiya masipelo n'kuyamba kubwebweta ngati munthu wogwidwa ndi mizimu. Sanali yekha. Ku Amsterdam, m'zaka za m'ma 1970, Michel Waisvisz anapanga kabokosi kotchedwa Crackle Box, kamene woimba amagwira zitsulo zake ndi zala, thupi lake n'kusanduka gawo la njira ya magetsi. Chala chonyowa cha mnyamata wanga uja chinkagwira ntchito yomweyo.

Chifukwa chiyani makiyibodi akale?

Kampani ya Casio ya ku Japan inatchuka poyamba ndi makakyuleta ndi mawotchi. Mu 1980 inatulutsa kiyibodi yake yoyamba, Casiotone 201. Posakhalitsa kunabwera VL-1, kachida kakang'ono kamene kanali kiyibodi komanso kakyuleta nthawi imodzi, ndi MT-40 mu 1981. Mu 1985 kunabwera SK-1, imene inkatha kujambula mawu a munthu kwa sekondi imodzi ndi theka losakwana, n'kuwaimba pa makiyi onse. Yamaha nayo inatulutsa DX7 mu 1983 ya akatswiri, ndi makiyibodi ambiri otsika mtengo a m'nyumba. Zida zimenezi zinapangidwa zochuluka zedi, ndipo zitatha fasho zinadzadza m'masitolo a kaunjika a ku Ulaya ndi ku America, kumene munthu ankazitola ndi ndalama ya chakudya chamasana chimodzi.

Chinanso n'chakuti mkati mwa makiyibodi akale muli malo. Tizipangizo take ndi tikulutikulu, totalikirana, ndipo njira za mkuwa pa kabolodi zimaoneka ndi maso. Makiyibodi amakono ambiri anaunjika zonse m'kachipi kamodzi kophimbidwa, moti ngakhale utatsegula palibe pogwira.

Aphunzitsi a Physics, apa mpathu. Kiyibodi iliyonse ili ndi kagawo kamene kamagunda ngati mtima, kowerengera nthawi. Kugunda kumeneku n'kumene kumalamula kukwera kapena kutsika kwa mawu. M'zida zina liwiro la mtimawo limadalira resistor ndi capacitor. Ukaika chala pamenepo, thupi lako limakhala resistor yachiwiri, ndipo khungu lonyowa limadutsitsa magetsi mosavuta kusiyana ndi louma. Liwiro limasintha, mawu n'kupendekeka. Ukachotsa resistor ija n'kuikapo kopotokola konga ka voliyumu ya wailesi, ndiye kuti wapeza chiwongolero cha mawu. M'zida zina muli kristo m'malo mwa resistor, ndipo ukakhudza pamenepo chida chimasokonezeka mutu n'kuyamba kuimba zakezake. Njira yachitatu ndiyo kulumikiza miyendo iwiri ya chipi chimene chimasunga mawu, monga amachitira ndi SK-1. Pamenepo piyano imasakanikirana ndi ng'oma, lipenga n'kumveka ngati mvula padenga la malata. Zonsezi ndi mitu imene timalemba pa bolodi chaka ndi chaka, ana n'kuloweza osaigwirapo.

Kiyibodi ya ana imene inasintha reggae

Pali nkhani ina imene okonda reggae muyenera kuidziwa, ngakhale kuti m'menemo palibe amene anamasula sikuluwu. Mtsikana wina wa ku Japan, Hiroko Okuda, atangomaliza maphunziro a nyimbo analembedwa ntchito ku Casio mu 1980, ndipo anapatsidwa udindo wokonza magundidwe a ng'oma ndi besi a mu MT-40. Iye anali wokonda reggae kwambiri. Chimodzi mwa zimene anakonza chinalembedwa dzina loti rock pa kiyibodipo. Mu 1984, ku Kingston ku Jamaica, anyamata awiri, Noel Davey ndi Wayne Smith, akuseweretsa MT-40 anagwera pa kagundidwe kameneka. Anapita nako kwa King Jammy, amene anakachepetsa liwiro n'kukajambula. Nyimbo yake, Under Mi Sleng Teng, itamveka mu February 1985 inagwedeza chilumba chonse, ndipo kuyambira pamenepo oimba mazanamazana ajambula nyimbo zawo pa kagundidwe komweko. Nyengo ya reggae ya makina inayambira pamenepa. Chida chimene chinapangidwira ana m'nyumba chinalowa m'situdiyo chifukwa anyamata osauka analibe china.

Ife tinayamba liti?

Nditawerenga zonsezi ndinadzifunsa kuti, kodi mzimu umenewu ndi wachilendo kwathu kuno? Yankho ndinalipeza pafupi. Amene mumachokera kuno ku Sadzi kupita m'tauni mumachidziwa chipilala cha asilikali a King's African Rifles pafupi ndi Cobbe Barracks. Gulu la asilikali limeneli linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo Zomba linali likulu la asilikali a dziko lino. Makolo athu amene anapita ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ena ngati asilikali, ambiri ngati amtengatenga, anaona perete ndi malipenga amkuwa a azungu. Atabwerera kumudzi analibe mkuwa. Anatenga zikho zazitali, naziboola, namata pabowopo kansalu koyera kamene kangaude amaphimbira mazira ake, ndipo lipenga linabadwa. Magule a malipenga kumpoto, mganda m'chigawo chapakati ndi beni wa Ayao kuno kwathu onse ali ndi fungo la perete wa asilikali. Koma mawu a chikho si a lipenga la mzungu. Ndi mawu atsopano, onjenjemera, amene ku London kunalibe.

Kunjenjemera kumeneku makutu athu amakukonda kuyambira kale. Valimba ya ku chigwa cha Shire ili ndi zikho pansi, zomatidwa kansalu ka kangaude komweko, kuti mawu azituluka ndi kanthetemya. Woimba bangwe amalowetsa thabwa lake m'chitini kuti mawu akule ndi kuchita phokoso. Pa kalimba timamangirira zitsekerero za mabotolo. Mphunzitsi wa nyimbo wa ku Ulaya akanati chidacho chawonongeka, chikulira zosayenera. Kwa ife chida cholira mbee, chopanda kanthetemya, chili ngati ndiwo zopanda mchere.

Zida za azungu zitafika sitinazisiye mmene zinabwerera. Anyamata a m'midzi anapanga banjo ndi chigubu cha mafuta ndi chikopa cha mbuzi, nsambo zake mawaya a mabuleki a njinga. Alan Namoko wa ku Thyolo ndi Chimvu River Jazz Band anatchuka dziko lonse ndi zida za mtundu wotere. Ku Chileka, m'mudzi wa Singano, Daniel ndi Donald Kachamba, amene katswiri wa ku Austria Gerhard Kubik anakumana nawo mu 1967, ankaimba gitala ya nsambo zisanu, imodzi ataichotsa dala. Chitoliro chachitsulo cha kwela ankachilowetsa kwambiri m'kamwa mopendeketsa, kuti tsaya lithandize kukuza ndi kukhotetsa mawu. Besi yawo inali bokosi, ndodo ndi chingwe chimodzi. Kodi kumeneku si kukhotetsa chida? Kusiyana kwake n'kwakuti munalibe batire.

Amene anafika pa magetsi penipeni ndi anzathu a ku Congo. Mu 1966 Mingiedi Mawangu anayambitsa gulu limene linadzatchuka ndi dzina loti Konono N°1. Mumzinda wa Kinshasa phokoso la magalimoto linkameza mawu a likembe, amene ndi kalimba wawo. Iye anatola maginito m'zitsulo za magalimoto akufa, nakulunga waya, napanga tomvera mawu take, n'kulumikiza ku zimkuzamawu za batire la galimoto. Mawu anatuluka okula koma osweka, olira ngati mavu. Sanawakonze, anawakonda. Chimbale chawo cha Congotronics chitatuluka mu 2004, achinyamata a ku Ulaya okonda nyimbo zamakina anachilandira ngati cha abale awo.

Limba la m'tchalitchi ndi kiyibodi ya ku Balaka

Tibwerere ku kiyibodi. Amishoni atabwera ndi chida chawo cha makiyi chopopa ndi mapazi, makolo athu sanavutike kufuna dzina. Anachitcha limba, mawu a banja limodzi ndi valimba ndi kalimba. Ndiye kuti kwa iwo sichinali chozizwitsa, chinali mbale wake wa zida zimene anali nazo kale. Koma limba linali la mpingo, lolemera, lotsekedwa ndi loko, ndipo woligwira anali mmodzi.

Kiyibodi ya mabatire ndi imene inatulutsa limba m'tchalitchi n'kulifikitsa pamsika. Amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 tikukumbukira mmene mawu a ku Balaka analowera m'nyumba iliyonse. Alleluya Band inayamba mu 1978 pa parishi ya Katolika ya Balaka mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici a ku Italy, ndipo m'menemo munatuluka Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius. Situdiyo ya Paul Banda ya Imbirani Yahwe inajambula oimba ndi makwaya osawerengeka. Chimbale choyamba cha Lucius Banda, Son of a Poor Man, chinatuluka nthawi imene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri, ndipo kuyambira 1994 pakamwa pa oimba panamasuka. Matepi ankagulitsidwa kwa O.G. Issa ndi m'misika yonse. Mukamvetsera matepi a nthawi imeneyo mupeza kuti msana wa nyimbo zambiri ndi kiyibodi: ng'oma zake, besi yake, malipenga ake. Lucius anatisiya mu June 2024, koma kalembedwe ka mawu kaja kakumvekabe m'makwaya athu.

Kiyibodi inabweretsa zabwino ndi zowawa. Kwaya ya kumudzi imene sikanatha kulipira gulu la anthu asanu ndi mmodzi inatha kujambula tepi ndi munthu mmodzi wodziwa kudina. Mipingo yatsopano yopemphera m'makalasi a sukulu Lamulungu inapeza gulu lonse loimba m'bokosi limodzi lonyamulika pa njinga. Koma oimba ng'oma ndi besi ambiri anasowa ganyu, ndipo panafika nthawi imene ukatsegula wailesi nyimbo khumi zinkamveka ngati za mayi mmodzi, chifukwa onse ankadina batani lomwelo.

Pali chinanso chimene sitichikamba kawirikawiri. Kiyibodi imagawa mtunda wa mawu, kuchokera pa do kufika pa do wapamwamba, m'masitepe 12 ofanana. Valimba ya Asena ndi Amang'anja, komanso zitoliro za nyanga za Anyungwe a ku Tete, zimagawa mtunda womwewo m'masitepe 7 otalika pafupifupi mofanana. Choncho mawu ambiri a valimba amagwera pakati pa makiyi, pamene palibe choti chala chidine. Nyimbo ya agogo ikaikidwa pa kiyibodi imakakamizidwa kuvala nsapato ya mwini wina. Kunena zoona, kopotokola kamene ndatchula kaja sikathetsa vutoli, chifukwa kamakweza kapena kutsitsa makiyi onse pamodzi. Koma kamalola woimba kutsetsereka n'kuima pakati pa masitepe, pamene fakitale inatseka. Kwa mwana amene sanamvepo kuti pakati pa makiyi awiri pali mawu ena, limenelo ndi phunziro lalikulu.

Madokotala a pakhonde

Makiyibodi athu ambiri anabwera atagwira kale ntchito kwina. Ena anabwera ndi achibale ochokera ku Joni, ena ndi amishoni, ena m'makontena a katundu wakale. Akadwala, chipatala chake chinali pakhonde la sitolo, kwa okonza mawailesi. Mu Zomba muno tinali nawo mumsika waukulu, ku Mpondabwino, ku Chinamwali, ngakhale kuno ku Sadzi. Ndili mwana ndinkaima kwa maola kuonerera bambo wina amene ankatenthetsa chitsulo chowotcherera pa mbaula ya makala magetsi akathima. Analibe pepala lililonse la sukulu ya zamagetsi. Mita yake inali lilime, poyesa ngati batire lili ndi moto.

Matenda a makiyibodi ankawadziwa pamtima. Woyamba unali wa adaputa. Ma Casio akale ambiri amafuna kuti kabowo kapakati ka pulagi kakhale negative, pamene ma Yamaha amafuna positive. Wina akabwereka adaputa ya mnzake osayang'ana, kiyibodi inkangoti zii, nthawi zina ndi kafungo ka chopserera. Wachiwiri unali wa makiyi ogontha. Pansi pa kiyi iliyonse pali kalabala kokhala ndi kadontho kakuda kodutsitsa magetsi. Fumbi la mwezi wa October likalowa, kiyi imaleka kulankhula. Bamboyo ankapukuta ndi sipiriti, kenako n'kupaka pensulo pa kadonthoko, popeza mtima wa pensulo umadutsitsa magetsi. Labala likatheratu, ankachotsa la makiyi akumapeto amene kwaya siwafika, n'kuliika pakati. Kiyibodi yopanda potulutsira mawu ankaiboola, n'kulumikiza waya kuchokera ku sipika yake kupita ku chimkuzamawu. Ya kumudzi kopanda magetsi ankaikonzera njira yoti idye kuchokera ku batire la galimoto.

Anthu amenewa sankafuna mawu atsopano. Ankafuna kuti Lamulungu kwaya iimbe. Koma mawu atsopano ankabwerabe okha. Kiyibodi yolumikizidwa kuchokera ku sipika imatumiza mphamvu yoposa imene chimkuzamawu chimayembekezera, ndiye mawu amasweka. Onjezani sipika ya lipenga yomangirira pa mtengo wa mango, ndi batire limene likutha moto pofika nyimbo yachitatu. Phokoso limene limatuluka pamenepo aliyense wa ife amalidziwa, ndi la misonkhano yachitsitsimutso ndi maukwati a kumudzi. Anyamata a ku Berlin amawononga ndalama kuti apeze kusweka kotero. Ife tinkangokupeza panjira.

Apa ndiyenera kunena chilungamo, ngakhale chikhale chondichepetsera mlandu. Ghazala ankakhotetsa zidole zimene dziko lake linataya. Chimodzi chikapsa ankakatola china mawa lake. Kwathu kuno kiyibodi imodzi ndi thukuta la mpingo wonse, ndalama za pepala Sande ndi za amayi ogulitsa mandasi. Kukhotetsa kuli ndi ngozi yeniyeni: waya mmodzi akakhudza polakwika chipi chimafa, ndipo cha mtundu umenewo sichipangidwanso. Choncho mantha anga a mu 2008 sanali opanda pake. Kiyibodi ija inali imodzi yokha pa sukulu yonse. Cholakwa changa sichinali kumuletsa. Chinali kusamvera pamene anati tamverani, ndi kusamufunsa kuti waona chiyani.

Mmene timawalandirira ana otere

Mbiri yathu ya posachedwapa ili ndi anyamata awiri amene ayenera kutipatsa maganizo. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anayamba ndi kumasula mawailesi akufa kuti aone mmene amagwirira ntchito. Njala ya 2001 ndi 2002 itamuchotsa ku sekondale chifukwa chosowa fizi, anapanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola, anthu akumunena kuti wapenga. Buku la moyo wake linatuluka mu 2009, kanema wake mu 2019. M'chaka chomwecho cha 2009, Gabriel Kondesi wa ku Mulanje, amene sanafike ku sekondale, anamangidwa chifukwa choulutsa mawu popanda chilolezo pa wailesi ya Pachikweza imene anaipanga yekha. Lamulo linalidi lamulo, koma anthu ambiri anadzuka kumuthandiza, poona kuti mwana wotere malo ake si kundende. Onse awiri luso lawo analipeza kunja kwa kalasi. Ife aphunzitsi funso limeneli tisalithawe.

Ndipo taonani zimene dziko lapansi labwera kudzafuna kwathu. Mu 2013 Ian Brennan ndi Marilena Delli anajambula nyimbo za akaidi ndi oyang'anira ndende pa Zomba Central Prison, pamtunda woyenda pansi kuchokera pano ndikulemba. Chimbalecho, I Have No Everything Here, chinatuluka mu 2015 ndipo chinasankhidwa kupikisana nawo pa mphotho za Grammy za 2016, koyamba m'mbiri ya Malawi. Nyimbo zake zambiri ndi za pakamwa ndi zida zochepa. Madalitso Band ya ku Lilongwe ndi Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ayenda maiko ndi babatoni, besi ya chingwe chimodzi yopanga okha. Alendo sanabwere kudzamva batani la fakitale, limenelo ali nalo kwawo. Anabwera kudzamva chimene manja athu anasintha.

Zimene tachita nayo

Ndinapita kwa a hedi kukapempha kuti kiyibodi ija ichotsedwe pamndandanda wa zotaya, ipatsidwe kwa kalabu ya sayansi. Anandiyang'ana modabwa, koma analola, poti yakufa sifanso kawiri. Lachitatu lapitali tinaitsegula ndi ana 14. Vuto lake linali laling'ono mochititsa manyazi: mabatire anaiwalika mkatimo n'kutaya madzi amene anadya kasipuling'i ndi waya mmodzi. Titapala dzimbiri ndi kuwotcherera waya watsopano, inalira. Makiyi atatu aja palibe chimene tingachite, koma otsalawo akulankhula.

Kenako ndinachita chimene ndinakana zaka zonsezi. Ndinauza mtsikana wina wa Folomu 2 kuti adine kiyi imodzi, anyowetse chala, ayendetse pang'onopang'ono pa kabolodi. Atafika pafupi ndi pochunira mawu, kiyibodi inati tswiii, gwooo. Kalasi lonse linaphulika ndi kuseka. Phokoso litatha mnyamata wina anafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga chala chikakhala chouma bwanji sizikusintha kwambiri?" Mutu wa resistance ndauphunzitsa kwa zaka pafupifupi 20, koma funso limeneli silinachokepo kwa mwana popanda ine kulipempha.

Anzanga amene mungafune kuyesa, malamulo ndi awa, ndipo musawapeputse. Gwiritsani ntchito chida cha mabatire okha, cha mavoti 9 kapena ocheperapo. Chilichonse cholumikizidwa kukhoma, ngakhale kudzera pa adaputa, musachigwire mkati. Magetsi a m'nyumba zathu ndi mavoti 230 ndipo amapha. TV yakale ndi chimkuzamawu chachikulu musatsegule ndi ana, chifukwa zimasunga moto ngakhale zitazimitsidwa. Pewani mbali imene mawaya a mabatire amalowera. Chida chikasokonezeka, chotsani mabatire, dikirani pang'ono, bwezeretsani. Chikayamba kutentha kapena kununkha, lekani pomwepo. Lembani m'kope malo alionse amene mwapeza mawu, musanawotcherere kanthu. Ndipo koposa zonse, yambani ndi chakufa kale kapena chidole cha pa kaunjika. Kiyibodi ya kwaya isiyeni, safunsa anadya phula.

Mnyamata uja ndinamufunafuna kudzera mwa anzake a kalasi lake. Ali ku Limbe, amakonza mafoni ndi zimkuzamawu, ali pabanja ndipo ali ndi ana awiri. Nditamuimbira ndinapezeka ndikumutchula kuti inu, pakamwa panakana kunena iwe. Ndinamukumbutsa za dzenje lija ndi kumupepesa. Anaseka kwambiri, nati, "Aphunzitsi, musadandaule, dzenjelo ndinaliiwala kalekale. Koma masikuluwu awiri aja ndinawaika m'thumba la yunifomu, amayi anawachapira limodzi." Walonjeza kuti teremu ikubwerayi adzabwera Lachitatu lina ndi chowotcherera chake ndi topotokola tiwiri ta mawailesi akufa, adzawaonetse ana poika. Ndamuuza kuti ulendo uno ine ndidzakhala pa desiki lakumbuyo.

Amene muli ndi kiyibodi yakufa pansi pa bedi kapena kuseri kwa guwa, musaitaye kudzala. Mukudziwa kumene ndimapezeka.